Kusungunula gallium pa ANSYS Fluent osasuntha mesh

Ambiri akangomva zoti malire a cholimba ndi chosungunuka akuyenda, amathamangira dynamic mesh (mesh ndi timagawo ting'onoting'ono, ma cell, tomwe mumagawamo chojambula chanu; dynamic ndi yosuntha), kenako ma cell amapindika, simulation n'kugwa basi. Zisiyeni zimenezo. Fluent, pulogalamu ya pakompyuta yoyerekezera kayendedwe ka zamadzimadzi ndi kutentha, imagwiritsa njira ya enthalpy-porosity: mesh imakhala pompo, cell iliyonse imangosunga liquid fraction, 0 ikakhala yolimba, 1 ikasungunuka, ndiye malire aja amaoneka okha pamene nambalayo ikusintha.

Yambani ndi kuyesa kwa akatswiri Gau ndi Viskanta kwa 1986, kosungunula chitsulo cha gallium m'kabokosi kotenthetsedwa mbali imodzi, poti zotsatira zake zilipo zoti mufanizire. Jambulani kabokosi ka 2D, 8.89 cm m'lifupi ndi 6.35 cm kukwera, muike mesh ya ma quad, ma cell a mbali zinayi.

Mu General sankhani pressure-based ndi transient, muyatse gravity, -9.81 pa y. Ku Models yatsani Energy ndi Solidification & Melting, viscous ikhale laminar.

Apa pali mushy zone constant, Fluent imabwera nayo ili 100000. Nambala imeneyi ndi imene imagwira madzimadzi kuti asayende pamene chinthu chili pakatikati, ngati phala loti layamba kulimba. Mukaikweza kwambiri solver imavutika ma residual (manambala osonyeza zolakwika zotsala pa kuwerengera) n'kumangodumphadumpha, mukaitsitsa kwambiri gallium yolimba imayamba kuyenda zomwe sizoona, ndiye yambani ndi yomwe ilipoyo, musinthe mukaona kaye zotsatira.

Ku Materials lembani: density 6093 kg/m3 koma pa boussinesq (kuti yotentha izipepuka n'kukwera), thermal expansion 0.00012, specific heat 381.5, conductivity 32, viscosity 0.00181, melting heat 80160 J/kg. Solidus ndi liquidus, kutentha koyambira ndi komalizira kusungunuka, zonse 302.78 K, poti gallium ndi chitsulo chosasakaniza, chija chimasungunuka m'manja.

Khoma lakumanzere 311 K, lakumanja 301.3 K, pamwamba ndi pansi heat flux 0. Initialize pa 301.3 K kuti zonse ziyambe zili zolimba. Pressure scheme ikani PRESTO!, time step yambani pa 0.01 s, ndipo autosave musaiwale, magetsi athuwa mukuwadziwa.

Tsopano onani contour ya liquid fraction. Poyamba malire amakhala pafupifupi owongoka chifukwa kutentha kukungodutsa ndi conduction, koma pakapita mphindi zingapo gallium yotentha imakwera m'mbali mwa khoma, n'kukadya cholimba chapamwamba msanga kuposa chapansi, malire n'kupendekeka. Akangokhala njoo mpaka mphindi 10, dziwani kuti gravity simunayatse kapena density mwaisiya pa constant.

China chomwe chimasokoneza anthu: mesh ikakhala yothina kwambiri, koyambirira mumatuluka timavortex (timizunguliro ta gallium yosungunuka) tingapo tosanjikana m'malo mwa kamodzi. Musafulumire kunena kuti mwalakwitsa, akatswiri okhaokha anatsutsanapo pa zimenezi kwa zaka. Thamangitsani ma mesh awiri osiyana, mufanize malire pa mphindi 6, 10 ndi 17.

Amene muli ndi OpenFOAM, pulogalamu ina yonga Fluent, solidificationMeltingSource imachita zomwezi.