Kusamala chiwindi mukakhala ndi HIV komanso hepatitis B

Hepatitis B ndi kachilombo kotupitsa chiwindi, ndipo ambiri kuno amakatenga ali ana osadziwa. HIV ikafooketsa chitetezo, thupi limalephera kukagonjetsa: kamaswana kwambiri m'magazi, chiwindi chimachita zipsera msanga, mapeto ake n'kuuma kapena khansa. Chosocheretsa n'chakuti chimene chimatupitsa chiwindi makamaka ndi nkhondo ya chitetezo polimbana ndi kachilomboka. Choncho CD4 (chiwerengero cha asilikali a m'thupi) ikatsika, ALT (muyezo wa m'magazi woonetsa kutupa kwa chiwindi) imatha kuoneka yabwino pomwe chiwindi chikuwonongekabe mwakachetechete.

Yambani ndi kuyezetsa HBsAg, chizindikiro cha m'magazi choti muli ndi hepatitis B. Dontho la magazi a pachala limakwanira. Ikapezekabe patatha miyezi 6, matendawo ndi okhazikika. Kenako achipatala ayeze ALT, AST (muyezo winanso wa chiwindi), mapulateleti (tizigawo toundanitsa magazi) ndi creatinine (muyezo wa impso). Kumene kulibe makina ounikira kuuma kwa chiwindi, achipatala amawerengera nambala yoyerekezera kuumako yotchedwa APRI: AST aigawe ndi malire ake apamwamba, yankho aligawe ndi mapulateleti, n'kuchulukitsa ndi 100. AST ya 80, malire 40, mapulateleti 100, zimapereka 2. Malangizo a 2024 a WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, amati APRI yopitirira 1 ndi chizindikiro choti chiwindi mwina chauma kale.

Mankhwala ake muli nawo kale m'manja. Piritsi la ma ARV lotchedwa TLD lili ndi tenofovir 300 mg, lamivudine 300 mg ndi dolutegravir 50 mg, ndipo awiri oyambawo amamenyanso hepatitis B. Sakachotsa m'thupi, amangokagoneka. N'chifukwa chake kudukiza ma ARV n'koopsa kawiri: kuwonjezera pa HIV, kachilombo ka hepatitis B kamadzuka mwaukali pakangopita masabata kapena miyezi, ndipo chiwindi chimatha kusiyiratu ntchito. Mukamapita kumudzi kapena ku Joni, tengani mankhwala okwanira.

Cholakwika china chimachitika posintha mankhwala. Munthu akasamutsidwira ku zidovudine ndi lamivudine, tenofovir n'kuchotsedwa, lamivudine imatsala yokha ndipo kachilombo kamaizolowera m'zaka zochepa. Wodwalayo anene yekha kuti ali ndi hepatitis B, zilembedwe m'buku lake lachipatala. Ngati vuto ndi impso, dokotala asinthe mlingo kapena apeze cholowa m'malo, osati kungosiyitsa.

M'miyezi yoyamba ya ma ARV, makamaka CD4 ikakhala pansi pa 200, chitetezo chobwerera mwakale chimatha kuukira chiwindi. Mankhwala a TB (isoniazid, rifampicin, pyrazinamide) amachilemetsanso. Maso achikasu, mkodzo wooneka ngati tiyi wopanda mkaka, mimba yotupa, kusanza magazi kapena kubalalika m'mutu: pitani kuchipatala tsiku lomwelo, osasiya mankhwala panokha.

Mowa usiyeni wonse, kachasu ndi masese omwe. Zitsamba zoti "zimatsuka chiwindi" nthawi zambiri n'zimene zimachimaliza. Mtedza ndi chimanga zachuku tayani, chifukwa poizoni wake, aflatoxin, akakumana ndi hepatitis B amakulitsa kwambiri chiopsezo cha khansa. Amene chiwindi chinauma aziunikidwa ndi sikani miyezi 6 iliyonse.

Okondedwa anu ndi a m'nyumba ayezetsenso. Osapezeka ndi hepatitis B abayidwe katemera katatu: tsiku loyamba, pakatha mwezi, ndi pakatha miyezi 6. Kwa amene CD4 yawo ndi yochepa katemerayu sagwira bwino, ndiye angafunike kubwereza. Malawi anayamba kutemera ana mu 2002, pa masabata 6, 10 ndi 14, koma mwana wobadwa kwa mayi amene ali ndi hepatitis B amafunikanso katemera pasanathe maola 24.