Kuphunzitsa ana za Malawi pojambula

Madamu, mwafunsa kuti ana a sitandade 4 mungawaphunzitse bwanji za dziko lathu pomwe mabuku ndi ochepa. Ine kuno ku Kasungu ndimapanga chonchi.

Choyamba tulukani nawo panja, jambulani mapu a Malawi pansi ndi kamtengo, aakulu ndithu, kenako ana athire phulusa pomwe pali nyanja, mtsinje wa Shire utuluke ku Mangochi kutsetsereka kummwera mpaka ukathire mu Zambezi ku Mozambique. Mwala waukulu auike pa Mulanje, muwauze kuti nsonga yake ya Sapitwa ndi mamita 3,002, amadabwa nazo kwambiri zimenezi.

Mukalowa mkalasi agaweni mmagulu, gulu lililonse katoni ndi makala, kapena makrayoni ngati alipo. Ena ajambule mbendera, wakuda pamwamba, wofiira pakati, wobiriwira pansi, dzuwa lotuluka likhale pa wakudapo, munsimu alembe 6 Julayi 1964 tsiku lomwe tinalandira ufulu. Ena chambo. Ena njovu za ku Kasungu National Park, apapa ndiye phokoso limakula chifukwa ambiri anamvapo kwa agogo awo za njovu zodya chimanga mmunda, musawaletse, asiyeni afotokoze ndithu.

Osaiwala phiri la Kasungu lomwe amaliona daily, komanso kuti a Kamuzu kwawo kunali konkuno.

Pomaliza gulu lililonse liimirire linene mfundo imodzi yokha, inu mumate makatoniwo pakhoma ndi phala la chinangwa. Lachisanu phimbani zolembazo ndi dzanja, muziwafunsa mmodzimmodzi.