Mwaika hard drive yachiwiri koma kompyuta sikuiona? Yambirani apa

Mwamangirira hard drive yatsopano, mwalumikiza zingwe, mwayatsa kompyuta, koma mu This PC mukuoneka C: yekha. Musathamangire kunena kuti diskiyo ndi yakufa. Hard drive yatsopano imachokera ku fakitale ilibe magawo komanso isanafomatidwe, ndipo File Explorer sionetsa diski yotere. Musanagwire chilichonse, yankhani funso limodzi ili: kodi BIOS, pulogalamu yomwe imayamba kugwira ntchito kompyuta ikangoyaka Windows isanatseguke, ikuiona? Yankho lake likuuzani ngati vuto lili pa zingwe ndi motherboard (bolodi lalikulu lomwe zipangizo zonse zimalumikizidwapo) kapena lili mu Windows.

Choyamba, lowani mu BIOS

Zimitsani kompyuta, muiyatsenso, ndipo ikangoyaka dinani mobwereza batani lolowera mu BIOS. Pa makompyuta ambiri a desktop ndi Delete kapena F2, pa Dell ndi F2, pa HP ndi F10 kapena Esc, pa Lenovo ndi F1 kapena F2. Fufuzani tsamba lotchedwa Storage, SATA Configuration kapena System Information. Pamenepo pamalembedwa poti iliyonse ya SATA (malo olumikizirapo chingwe cha diski) ndi dzina la diski yomwe yalumikizidwapo. Ngati dzina la diski yanu lilipo, zingwe zili bwino, musatsegulenso bokosi. Ngati palembedwa Empty kapena Not Detected, pitani pa gawo la zingwe m'munsimu.

BIOS ikuiona, Windows ayi

Apa ndi pamene pamakhala vuto la anthu ambiri, ndipo kulikonza sikutenga mphindi 5. Dinani batani la Windows pamodzi ndi R, lembani diskmgmt.msc, kenako Enter. Disk Management ikatseguka, yang'anani m'munsi, pamene pali Disk 0, Disk 1 ndi ena. Zomwe zalembedwa pambali pa diski yanu ndi zomwe zikuuzeni chochita.

Ikalembedwa Unknown, Not Initialized, dinani pa dzina lake ndi batani lakumanja la mausi, musankhe Initialize Disk. Mufunsidwa kusankha pakati pa MBR ndi GPT, njira ziwiri zolembera magawo a diski. Sankhani GPT. MBR ndi njira yakale yomwe imathera pa 2TB, kotero diski ya 4TB mukaiika pa MBR, pafupifupi theka lake limangokhala osagwira ntchito. MBR imalolanso magawo aakulu 4 okha, pomwe GPT pa Windows imafika 128. MBR isankheni pokhapokha ngati diskiyo idzagwiranso ntchito pa kompyuta yakale kwambiri.

Mukatero, diskiyo ioneka ndi mzere wakuda wolembedwa Unallocated. Dinani pamenepo ndi batani lakumanja, musankhe New Simple Volume, musiye kukula konse momwe kulili, muipatse chilembo monga D: kapena E:, musankhe NTFS ndi Quick Format. Ikamaliza ionekera mu This PC. Diski ya 1TB ikaonetsa 931GB musadabwe, simunaberedwe: opanga amawerengera mu ma 1,000 pomwe Windows imawerengera mu ma 1,024.

Koma samalani. Zonsezi ndi za diski yatsopano yopanda kanthu. Ngati diskiyo mwaichotsa mu kompyuta ina ndipo muli zithunzi kapena mafayilo omwe mukuwafuna, musadine Initialize, musadine Format, ngakhale Windows ikukukakamizani. Diski yakale ikaoneka ngati Not Initialized kapena RAW, nthawi zambiri ndiye kuti tebulo la magawo ake kapena dongosolo la mafayilo lawonongeka, ndipo choyenera ndi kuyamba mwapulumutsa mafayilo ndi pulogalamu ngati TestDisk. Diski yochokera ku Linux yofomatidwa pa ext4, kapena ya Mac ya APFS, Windows siitha kuiwerenga payokha, ngakhale diskiyo ili bwinobwino.

Pali zina zitatu zomwe mungaone. Mzere ukakhala wabuluu, palembedwa Healthy, koma palibe chilembo, sankhani Change Drive Letter and Paths, kenako Add. Ikalembedwa Offline, dinani batani lakumanja musankhe Online. Izi zimachitika kawirikawiri diski ikakhala yokopedwa ndendende kuchokera pa ina, chifukwa ziwirizo zimakhala ndi nambala yozizindikiritsa yofanana, ndiye Windows imazimitsa imodzi. Ikalembedwa Foreign, sankhani Import Foreign Disks.

Nanga ngati BIOS ikuiona koma mu Disk Management mulibe? Tsegulani Device Manager, pa Action musankhe Scan for hardware changes, ndipo muone ngati pa Storage controllers pali chizindikiro chachikasu. Chikakhalapo, ikani madiraiva a chipset ochokera pa webusaiti ya kampani yomwe inapanga motherboard yanu. Onaninso Storage Spaces mu Control Panel, poti diski yomwe inalowetsedwa mu gulu la madiski kumeneko sionekanso payokha mu Disk Management.

BIOS sikuiona

Zimitsani kompyuta, zulani chingwe cha magetsi kukhoma, dinani batani loyatsira kwa masekondi angapo kuti magetsi otsalira athe, ndipo gwirani chitsulo cha bokosi musanagwire zamkati.

Hard drive ya SATA imafuna zingwe ziwiri, osati chimodzi. Chaching'ono cha timano 7 chimapita ku motherboard, chachikulu cha timano 15 chimachokera ku power supply, bokosi lopereka magetsi mu kompyuta. Zonse zili ndi mutu wokhota ngati L, kotero zimalowa mbali imodzi yokha. Zizuleni mbali zonse, muzilowetsenso mpaka zikhazikike. Kenako yatsani, muike dzanja pa diskiyo. Hard drive yozungulira imanjenjemera pang'ono ndipo imamveka ikamayamba. Ikangoti zii, magetsi sakufika. SSD, diski yosunga zinthu mu ma chip, ilibe chozungulira, choncho njira imeneyi siithandiza.

Sinthani chinthu chimodzi pa nthawi, apo ayi simudziwa chomwe chinali cholakwika. Njira yachidule ndi kubwereka zingwe za diski yomwe ikugwira ntchito kale: zilumikizeni ku yatsopanoyo, mulowe mu BIOS. Ikaoneka, diski ili bwino, vuto ndi chingwe kapena poti. Zingwe za SATA zimafa kawirikawiri kuposa momwe anthu amaganizira, makamaka zikapindidwa kwambiri pafupi ndi mutu.

Chomwe chimasokoneza ngakhale akatswiri ndi M.2, malo a pa motherboard olowetsapo SSD yaing'ono yooneka ngati kakhadi, yosafuna zingwe. Pa ma motherboard ambiri, malo a M.2 amagawana njira ndi mapoti ena a SATA. Mukaika SSD pa M.2, poti imodzi kapena ziwiri za SATA zimazimitsidwa zokha popanda kukuuzani. Kabuku ka motherboard kamatchula mapoti ake, koma ngati mulibe, ingosamutsirani chingwe pa poti ina. Ndipo ngati diski yachiwiriyo ili ya M.2, dziwani kuti zilipo za mitundu iwiri, SATA ndi NVMe. Ya SATA itha kulowa bwinobwino pamalo olandira NVMe yokha, koma osaoneka. Ilowetseni chopendeketsa mpaka timano tagolide tibisike, ndipo muimange ndi kasikuluu kake.

Pa magetsi pali misampha iwiri. Ngati power supply yanu ili ya zingwe zochotseka, gwiritsani ntchito zingwe zake zokha. Za kampani ina zitha kulowa, koma mawaya ake amayalidwa mosiyana, ndipo 12V ikapita pomwe pamayenera kupita 5V diski imapsa nthawi yomweyo. Wachiwiri umakhudza madiski ena aakulu, makamaka ochotsedwa m'mabokosi a USB: dzino lachitatu la polowera chingwe cha magetsi pa diskiyo likalandira 3.3V, diski imaona ngati yalamulidwa kuzima, ndiye siizungulira. Kuthana nazo, phimbani dzinolo ndi katepi kosadutsa magetsi, kapena gwiritsani ntchito adaputa yochokera ku Molex (pulagi yakale ya timano 4 ya pa power supply) kupita ku SATA, yomwe ilibe waya wa 3.3V. Gulani yabwino, chifukwa zotchipa zimadziwika ndi kusungunuka.

Mu BIOS, onetsetsani kuti poti yomwe mwalumikizapo ili pa Enabled. Muonanso SATA Mode yokhala ndi AHCI kapena RAID. Imeneyi musaisinthe mwachisawawa: Windows yomwe inaikidwa pa RAID mukaisinthira ku AHCI imakana kuyaka, n'kuonetsa sikirini yabuluu ya INACCESSIBLE_BOOT_DEVICE. Zikatero, bwezerani momwe zinalili. Ngati kompyuta yasiya kulowa mu Windows chiikireni diski yachiwiri, konzani Boot Order kuti diski ya Windows ikhale yoyamba.

Pa laputopu, amene aika diski m'malo mwa DVD aone ngati kabokosi kake kali koyenera, poti kalipo ka 9.5mm ndi ka 12.7mm.

Zonsezi zikakanika, yesani diskiyo pa kompyuta ina kapena m'kabokosi ka USB. Ya mainchesi 3.5 imafuna kabokosi kokhala ndi adaputa yakeyake ya 12V, pomwe ya mainchesi 2.5 imakhutira ndi 5V ya USB. Ikaoneka kumeneko, tsegulani pulogalamu ya CrystalDiskInfo muone thanzi lake. Ikapanda kuoneka, kapena ikamalira kuti tiki tiki mobwereza, ndi yowonongeka. Izimitseni, musaitsegule chifukwa walanti imathera pomwepo, ndipo ibwezeni komwe munagula pamodzi ndi lisiti.