Momwe mungagwirire ntchito imodzi mpaka ithe musanalumphire ina

Pali anthu amene amaweruka madzulo ali thapsa, koma ukawafunsa chimene amaliza tsikulo amasowa choloza. Lipoti lalembedwa theka, buku la maakaunti ladzaza zofufuta, makasitomala awiri akudikirabe yankho. Si ulesi ayi. Tsiku lonse anali pa ntchito, kungoti ntchito iliyonse amaigwira mphindi zochepa, foni ikalira n'kuisiya, wina akagogoda n'kuyamba ina. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, ndipo masiku ano zokomazo aliyense akuyenda nazo m'thumba.

Kuika maganizo pa chinthu chimodzi sikudalira kulimba mtima kokha. Kumadalira kwambiri momwe mwakonzera ntchitoyo, malo, foni ndi anthu okuzungulirani musanayambe.

Chimene chimatayika mukamasinthasintha

Ntchito ziwiri zofuna kuganiza, monga kuwerengera ndalama ndi kumvetsera munthu pafoni, ubongo suzigwira limodzi. Umathamangira uku n'kubwerera uko, ndipo ulendo uliwonse umataya kanthu. Mu 2009 wofufuza Sophie Leroy anasonyeza kuti munthu akasiya ntchito yosatha n'kuyamba ina, maganizo ena amatsalira pa yoyamba ija, moti yachiwiriyo amaigwira ndi nzeru zoperewera.

Chododometsacho sichifunika kukhala chachikulu. Pa kafukufuku wa Erik Altmann ndi anzake wa ku yunivesite ya Michigan State, amene anasindikizidwa mu 2014, anthu anapatsidwa ntchito ya pakompyuta yofunika kutsata ndondomeko. Kuwadula kwa masekondi osakwana atatu kunachititsa kuti zolakwa ziwirikize kawiri, ndipo kwa masekondi pafupifupi anayi ndi theka zinawirikiza katatu. Amadumpha sitepe kapena kubwereza imene achita kale. Ganizani tsono za ejenti wa Airtel Money kapena Mpamba amene akulemba nambala ya foni ya kasitomala, wina n'kumufunsa mtengo wa mayunitsi. Masekondi atatu omwewo ndi okwanira kuti ndalama zipite kwa munthu wolakwika. Telala amene wanyamula sizasi, namwino amene akuyeza mankhwala, onse ali pangozi yomweyo.

Ambiri amati, "Ine ndinazolowera, ndimatha ziwiri nthawi imodzi." Jason Watson ndi David Strayer a ku yunivesite ya Utah anayesa anthu 200 mu 2010, powayendetsa galimoto yoyeserera kwinaku akuyankha mafunso pafoni. Asanu okha ndi amene sanafooke mbali iliyonse. Ndi bwino kungodziwerengera pa gulu la 195 aja.

Gawo 1: Sankhani ntchito imodzi ndipo muiikire malire

Chitani izi madzulo, osati m'mawa pamene mauthenga ayamba kale kulowa. Lembani papepala ntchito imodzi yokha imene ikapanda kuchitika mawa ikupwetekani. Kawirikawiri imakhala ija mwakhala mukuizemba.

Kalembedwe kake ndiye nkhani. "Kuwerenga masamu" si ntchito, chifukwa ilibe poyambira ngakhale pothera. "Kuyankha mafunso 10 oyambirira a pepala lakale la masamu la MSCE, n'kudzichonga" ndiye ntchito. "Kukonza mabuku a shopu" n'kotakata kwambiri. "Kulowetsa m'buku malisiti onse a sabata yatha n'kuwonkhetsa" kuli bwino. Dzifunseni kuti: kodi ndikamaliza ndidzadziwa bwanji kuti ndamaliza? Ngati yankho palibe, iduleni ntchitoyo mpaka lipezeke. Ntchito yosadziwika pothera ndi imene imathamangitsira munthu ku Facebook, chifukwa kumeneko chochita n'chodziwikiratu.

Gawo 2: Sonkhanitsani zonse musanakhale pansi

Cholembera, kakyuleta, malisiti, kope, madzi akumwa. Kudzuka kulikonse kukatenga chinthu ndi mpata woti mukumane ndi munthu, wailesi kapena mbale zosatsuka. Ngati ntchito ndi ya palaputopu, itchajeni magetsi akadalipo ndipo mafayilo ofunika muwatsitsiretu, kuti musakhale ndi chifukwa choyatsira intaneti pakati pa ntchito. Patebulo pakhale za ntchito imeneyo basi. Pakompyuta tsekani masamba onse osakhudzana nayo.

Nthawi yake ikhale imene mutu wanu umakhala wopepuka. Kwa ambiri ndi m'mamawa, ana asanadzuke kapena ofesi isanadzaze.

Gawo 3: Foni ituluke m'chipinda

Apa ndi pamene anthu ambiri amagwera, chifukwa amaganiza kuti kuitembenuza chafufumimba patebulo n'kokwanira. Mu 2017 Adrian Ward ndi anzake a ku yunivesite ya Texas ku Austin anayesa anthu pafupifupi 800. Ena anasiya mafoni patebulo, ena m'thumba kapena m'chikwama, ena m'chipinda china. Mafoni onse anali chete, komabe amene anawasiya m'chipinda china anakhoza bwino mayeso a kukumbukira ndi kuganiza kuposa amene anali nawo patebulo. Kudziletsa kuigwira nakonso ndi ntchito, ndipo kumadya nzeru zomwe mukanagwiritsa ntchito pa zimene mukuchita.

Ndiye choyamba ndi kuiika kutali, kumene muyenera kudzuka kuti muifikire. Amene ali ndi mwana kusukulu kapena wodwala kuchipatala sangaizimitse, ndipo palibe chifukwa choti atero. Pa Android lowani mu Settings, mupeze Do Not Disturb, ndipo musankhe anthu ochepa amene foni yawo ingalire. Pali poyatsa kuti munthu akaimba kachiwiri pasanathe mphindi 15, foni ilire ngakhale sali pa mndandandawo. Pa iPhone zimenezi zili pansi pa Focus, ndipo kuimba kwachiwiri kumalowa ngati kwachitika pasanathe mphindi zitatu. Munthu wa uthenga wa maliro kapena matenda saimba kamodzi, choncho simuphonya chadzidzidzi chenicheni.

Magulu a WhatsApp, a kumpingo, a banki mkhonde, a anzanu a kusekondale, atontholetseni onse. WhatsApp imalola kutontholetsa gulu kwa maola 8, sabata imodzi kapena mpaka kalekale, ndipo anzanu sauzidwa kuti mwatero. Ngati ntchito yanu ili pafoni pomwepo, monga kuwerenga manotsi, zimitsani data musanayambe. Bandulo nayo ikhalitsa.

Gawo 4: Dziikireni nthawi yodziwika pothera

Njira yodziwika kwambiri ndi ya Francesco Cirillo wa ku Italy, imene anaiyamba chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndipo imatchedwa Pomodoro: mphindi 25 pa ntchito imodzi osasiya, mphindi 5 zopuma, ndipo mukatero kanayi mupume mphindi 15 mpaka 30. Mphamvu yake ili pa kudziwa kuti mapeto ali pafupi. Munthu amapirira kusaona foni akadziwa kuti ndi mphindi 25 zokha.

Nambalazi si lamulo. Ngati 25 ikukukanikani, yambani ndi 15 kwa sabata imodzi. Olemba malipoti aatali kapena ochita masamu ovuta amapeza kuti belu la mphindi 25 limawadula pamene mutu wangoyamba kutentha, ndiye iwo angafike 45 kapena 50, n'kupuma 10. Gwiritsani ntchito wotchi, kapena tcherani alamu pafoni imene ili patali ija.

Kupuma kwake kukhale kudzuka, kudziwongola, kumwa madzi, kuyang'ana patali. Kutsegula TikTok si kupuma. Mphindi 5 zimasanduka 40, ndipo mumabwerera mutu utadzaza nkhani za eni.

Gawo 5: Pambali pakhale pepala lolembapo zobwera m'mutu

Mukangokhala chete, zinthu zimayamba kutulukira: sindinagule mayunitsi a magetsi, ndiyenera kuimbira amalume, fizi ya mwana. Gloria Mark wa ku yunivesite ya California ku Irvine, amene watha zaka zambiri akuona momwe anthu amagwirira ntchito m'maofesi, anapeza kuti pafupifupi theka la zododometsa munthu amadziyambitsira yekha. Anapezanso kuti mu 2004 anthu amakhala pafupifupi mphindi ziwiri ndi theka pa chinthu chimodzi pakompyuta asanasinthe, pamene zaka zaposachedwa zatsika kufika masekondi 47.

Ganizo likabwera musalimbane nalo ndipo musalitsatire. Lilembeni m'mawu awiri atatu, "mayunitsi", "amalume", n'kubwerera pa ntchito. Likalembedwa limasiya kuvutitsa chifukwa mantha oti muiwala atha. Pepalalo mulione nthawi yopuma yaitali. Mudzaona kuti zambiri mwa zimene zimaoneka zachangu zikhoza kudikira mpaka madzulo.

Gawo 6: Konzani mawu ouza anthu

Kwathu kuno munthu akanena odi sungamuyankhe ndi msana, ndipo malangizo ambiri a m'mabuku akunja amalephera pamenepa. Moni aperekedwe bwinobwino, kenako munthuyo apatsidwe nthawi yeniyeni. "Pepani achimwene, ndili pakati pa mawerengero. Ndikupezani 10 koloko ikakwana." Mawu oti "ndibwera posachedwa" sathandiza, abweranso pakatha mphindi zisanu. Ndipo 10 koloko ikakwana pitanidi. Mukasunga lonjezo kangapo, anthu amazolowera kudikira chifukwa akudziwa kuti simukuwathawa.

Abwana akabweretsa ntchito ina muli pakati pa yoyamba, musakane ndipo musangovomera. Abwezereni chisankho: "Bwana, pano ndikumaliza lipoti lija mukulifuna mawa. Ndilisiye ndiyambe iyi, kapena ndilimalize kaye?" Nthawi zambiri amakhala ataiwala kuti anakupatsani yoyambayo.

Pa shopu ndi pa benchi lamulo ndi kasitomala mmodzi mpaka chenji chake chiperekedwe. "Mayi, ndithane ndi awa kaye, ndikuthandizani pompano." Akathyali amadziwa bwino za masekondi atatu aja. N'chifukwa chake wina amapereka ndalama yaikulu, n'kusintha maganizo chenji chili m'manja, mnzake akufunsa mitengo ya zinthu zina. Zikafika potero ikani ndalama pansi, muyambirenso kuwerenga mokweza mawu.

Kunyumba ana auzidwe chinthu chooneka ndi maso, monga chitseko chotseka kapena muvi wa wotchi ukafika pakuti. Mwana wakhanda ndi nkhani ina, pamenepo n'kugawana nthawi ndi wina wamkulu kapena kugwiritsa ntchito nthawi imene wagona.

Gawo 7: Mukakakamizika kusiya, siyani chizindikiro

Zododometsa zina sizipeweka. Musananyamuke tengani theka la mphindi kulemba pamene mwalekezera ndi chimene mudzayambire: "Ndafika pa lisiti la Lachitatu, zonse pamodzi K84,500, chotsatira ndi Lachinayi." Leroy uja, pamodzi ndi Theresa Glomb, anasonyeza mu 2018 kuti kulemba mwachidule chonchi kumamasula maganizo, moti munthu amaigwira bwino ntchito imene yamudulayo. Pobwerera simuyambanso kufufuza kuti munali pati.

Zing'onozing'ono monga kuyankha mauthenga, maimelo ndi kuimba mafoni ziunjikeni pamodzi, muzichite pa nthawi zoikika, mwachitsanzo 10 koloko, mukatha nkhomaliro, ndi musanaweruke.

Zikamakanikabe

Yambani mwaona tulo. Munthu wamkulu amafunika maola osachepera 7, ndipo wophunzira amene wachezera ndi buku mapazi ali m'madzi ozizira amawerenga tsamba limodzi katatu osatolapo kanthu. Njala nayo imabalalitsa maganizo. Nyimbo za mawu zimalimbana ndi kuwerenga ndi kulemba chifukwa zonse zimafuna mbali ya ubongo yomva chilankhulo. Ngati phokoso la panja lachuluka, nyimbo zopanda mawu ndiye zabwinoko.

Si ntchito zonse zimene zimakana kuphatikiza. Kutongola chimanga uku mukumvera wailesi, kapena kusita uku mukucheza, palibe vuto chifukwa manja anazolowera ndipo safuna kuganiza. Vuto limabwera zonse ziwiri zikafuna mawu, manambala kapena chisankho, ndipo kuyendetsa galimoto kapena njinga yamoto kuli m'gulu limeneli ngakhale dalaivala akhale wa zaka 20 pamsewu.

Masiku oyamba dzanja limapita lokha kuthumba kufuna foni imene kulibe. Zimenezo zimachepa. Kuti muone ngati mukupita patsogolo, ikani kamzere m'kope pa chigawo chilichonse cha nthawi yodziikira ija chimene mwamaliza osadukiza, ndipo chimene mwachidula musachiwerengere. Sabata yoyamba zigawo ziwiri patsiku n'zokwanira. Zikakhazikika onjezani chimodzi sabata yotsatira, pa nthawi yomweyo ndi pamalo omwewo.