Mankhwala a matenda a maganizo: zovuta zake zimafika msanga, phindu limachedwa

Munthu akamwa panado, mutu umaleka kuwawa ola lisanathe. Mankhwala a matenda a maganizo sali choncho. Tulo, kuuma kukamwa, chizungulire ndi kufooka zimafika tsiku loyamba kapena lachiwiri, pomwe kupeza bwino kumene munthu akukudikira kumabwera patapita masabata. Apa m'pamene odwala ambiri amatayira mtima, achibale n'kumati mankhwalawa akungowonjezera matenda. Ngati mukumwa mankhwalawa, kapena mukusamalira wina amene akumwa, muyenera kudziwa kusiyanitsa vuto lopirira, vuto lokauza adokotala tsiku lobwerera kuchipatala, ndi vuto lothamanga nalo tsiku lomwelo.

Maselo a mu ubongo amatumizirana uthenga potulutsa timadzi tapadera timene selo linzake limalandira. Todziwika kwambiri ndi dopamine, serotonin, noradrenaline ndi GABA. Mankhwala ena amatseka malo olandirira timadziti, ena amachititsa kuti tikhalitse pakati pa maselo, ena amatiwonjezera mphamvu. Kusinthaku kumachitika m'maola ochepa, koma ubongo umafuna masabata kuti uzolowere n'kuyamba kugwira ntchito mwatsopano.

Tiyambe ndi mankhwala amene amapatsidwa munthu wosokonezeka, womva mawu amene anzake sakuwamva, kapena wokhulupirira kuti anthu akumulondalonda. Oyamba mwa iwo, chlorpromazine, anayesedwa pa odwala mumzinda wa Paris mu 1952 ndi madokotala Jean Delay ndi Pierre Deniker, ndipo haloperidol anapangidwa ku Belgium mu 1958. Onsewa amachepetsa mphamvu ya dopamine. Mawu aja amazilala, munthu amayamba kugona ndi kucheza. Koma dopamine ali ndi ntchito zingapo. Ndi yemwenso amathandiza minofu kuyenda mwamyaa, ndipo ndi yemwe amaletsa mabere kupanga mkaka nthawi yosayenera. Piritsi silisankha mbali. N'chifukwa chake mumaona wodwala akuyenda mouma, manja osagwedera, nkhope ili duu, zala zikunjenjemera, dovu likutuluka. N'chifukwa chakenso mayi wosayamwitsa amatha kutuluka mkaka kapena kusiya kusamba, makamaka akamamwa risperidone.

Pali vuto lina limene limaopsa kwambiri osamalira odwala. M'masiku oyamba, khosi limatha kupotokera mbali imodzi, maso n'kutembenukira m'mwamba, lilime n'kutuluka, nsagwada n'kuuma. Limakonda kugwira anyamata. Oona amaganiza kuti ndi khunyu kapena kuti matenda akula, koma ndi minofu imene yakokana chifukwa cha mankhwala, ndipo munthuyo akumva zonse zimene mukulankhula. Musamumange kapena kulimbana ndi khosilo. Pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Mankhwala monga trihexyphenidyl, amene ambiri amawatchula kuti Artane, kapena biperiden amamasula minofuyo msanga.

Lina lovuta kulizindikira ndi kusakhazikika. Wodwala amakhala pansi n'kudzukanso, kupondaponda, kuzungulira nyumba, akunena kuti miyendo ikumukakamiza kuyenda. Ineyo ndimaona kuti ili ndilo vuto limene limasokoneza anthu koposa, chifukwa achibale amafika kuchipatala n'kunena kuti wayambanso kuvuta, mlingo n'kuwonjezedwa, zinthu n'kuipiraipira. Fotokozani ndendende: wayamba liti, ndipo kodi maganizo ake ali bwino koma thupi ndilo likukana kukhala? Pakapita miyezi kapena zaka, yang'aniraninso pakamwa. Munthu akamatafuna pomwe mulibe kanthu, kunyambita milomo kapena kutulutsatulutsa lilime osafuna, nenani msanga, chifukwa zikakhalitsa nthawi zina sizitha.

Mankhwala atsopanoko, monga olanzapine, saumitsa thupi kwambiri, koma amatsegula chilakolako cha chakudya. Munthu amanenepa mofulumira, ndipo shuga ndi mafuta m'magazi zimatha kukwera. Kwerani sikelo poyamba, muziyezanso pafupipafupi, ndipo shuga ayezedwe. Amene akumwa clozapine asaphonye kuyezetsa magazi, popeza mankhwalawa amatha kuchepetsa maselo oyera oteteza thupi. Akamva zilonda zapakhosi ndi kutentha thupi apite tsiku lomwelo.

Ndipo pa mankhwala onse a gulu limeneli, kuphatikizapo jakisoni wa pamwezi, gwirani ichi: thupi likatentha kwambiri, minofu ili gwa, thukuta lili kamukamu, munthu wasokonezeka, musamupatsenso piritsi lina, thamangani naye. Sizichitika kawirikawiri, koma zimapha.

Mankhwala a matenda ovutika maganizo, okhumudwitsa munthu kwa nthawi yaitali, monga fluoxetine, amene anavomerezedwa ku America mu 1987, amachititsa kuti serotonin akhalitse pakati pa maselo. Serotonin wambiri m'thupi ali m'matumbo, ndiye musadabwe ndi nseru kapena kutsegula m'mimba sabata yoyamba. Zimenezi nthawi zambiri zimatha zokha. Kupepukidwa mumtima kumayamba pakatha masabata awiri mpaka anayi, nthawi zina asanu ndi limodzi. Chimene sichikonda kutha chokha ndi kuchepa kwa chilakolako cha kuchipinda. Ambiri amachita manyazi, n'kungosiya mankhwala mwakachetechete. Auzeni adokotala, nkhaniyi si yachilendo kwa iwo, ndipo pali mankhwala ena osinthira.

Amitriptyline ndi akale a matenda omwewa, amagwira ntchito, koma amaumitsa kukamwa, kudzimbitsa, kugonetsa, ndiponso kuchititsa chizungulire podzuka. Imwani usiku, dzukani pang'onopang'ono, khalani kaye m'mphepete mwa bedi musanaime. Okalamba achenjere kwambiri, angagwe. Mapiritsiwa akamwedwa ambiri nthawi imodzi amasokoneza kagundidwe ka mtima, choncho ngati wodwala ananenapo zodzipha, wosamalira ndiye asunge mankhwalawo n'kumamupatsa a tsiku limenelo okha. Achinyamata osakwana zaka 25 amafunika diso m'masabata oyamba a mankhwala aliwonse a gulu ili, chifukwa ena maganizo odzipha amawachulukira asanayambe kupeza bwino. Mufunseni mwachindunji. Kufunsa sikumuika maganizowo m'mutu.

Kwa munthu amene maganizo ake amakwera n'kutsika, nthawi ina osagona, kulankhula mosalekeza ndi kumwaza ndalama, nthawi ina ali khuma, pali lithium, amene dokotala John Cade wa ku Australia analemba za mphamvu yake mu 1949. Lithium amathandiza kwambiri, koma mlingo wochiza ndi mlingo wovulaza zayandikana, ndipo amachoka m'thupi kudzera mu impso. Thupi likataya madzi chifukwa cha kusanza, kutsegula m'mimba kapena thukuta lambiri, amaunjikana m'magazi. Ibuprofen ndi diclofenac amachitanso zomwezo, ndiye musangogula n'kumwa. Kunjenjemera kwakukulu, kudzandira ngati woledzera ndi kulankhula kokoka lilime ndi zizindikiro zoti achuluka. Magazi, impso ndi chithokomiro ziyenera kuyezedwa nthawi ndi nthawi.

Sodium valproate ndi carbamazepine, amene ndi a khunyunso, amagwiritsidwa ntchito pa matenda omwewa. Valproate amavulaza mwana m'mimba: pafupifupi mwana mmodzi mwa khumi amabadwa ndi chilema, ndipo ochulukirapo amachedwa kukula m'nzeru. Mayi aliyense woti angathe kutenga pakati akambirane zimenezi asanayambe kumwa. Carbamazepine amachepetsa mphamvu ya mapiritsi olera ndi kachipangizo kolera ka pamkono, komanso ya ma ARV ena, choncho adokotala adziwe mankhwala onse amene mukumwa, azitsamba omwe. Mukaona zidzolo, matuza kapena zilonda m'kamwa ndi m'maso m'miyezi yoyamba, musadikire kuti muone mawa.

Diazepam ndi anzake, amene amapatsidwa munthu wa nkhawa kwambiri kapena wosowa tulo, amawonjezera mphamvu ya GABA, amene amatontholetsa ubongo. Awa amagwira msanga, ndipo msampha wake ndi womwewo: thupi limawazolowera, mlingo wa dzulo n'kuyamba kuchepa. Ndi a masiku ochepa, kawirikawiri osapitirira masabata anayi. Kuwaphatikiza ndi mowa kungaimitse kupuma.

Funso limene limabwera kawirikawiri ndi lakuti, "Ndachira, ndisiye?" Kupeza bwino kukusonyeza kuti mankhwala akugwira ntchito, koma ubongo sunakhazikike. Pa matenda ovutika maganizo, munthu amapitiriza kumwa miyezi yosachepera isanu ndi umodzi atachira. Amene anasokonezeka koyamba amapitiriza chaka kapena kuposerapo, ndipo ena amamwa zaka zambiri. Kusiya mwadzidzidzi kumabweretsa chizungulire, kusowa tulo, kukwiya msanga ndi kumva ngati magetsi akugwira m'mutu, ndipo wosiya diazepam motero amatha kukomoka ngati wa khunyu. Matenda enieniwo amatha kubwerera patapita miyezi, munthu ataiwala kale kuti anasiya mankhwala. Mayi amene wazindikira kuti ndi woyembekezera asasiyenso yekha, apite kuchipatala msanga akakonze naye njira. Nthawi yosiya ikakwana, adokotala amachepetsa mlingo pang'onopang'ono kwa masabata kapena miyezi, ndipo mukaona kuti zavuta pa mlingo watsopano, bwererani mukanene musanachepetsenso.