Kasamalidwe ka Chipangizo Chotsekera Maliseche

Kwa amene mwafunsa momwe mungasamalire chipangizochi, chomwe chimavalidwa kumaliseche n'kutsekedwa ndi loko pofuna kupewa kugonana, kuti chisanunkhe kapena kupweteka khungu, yambani ndi kuchivula tsiku lililonse, makamaka mu Okutobala pamene thukuta limachuluka kuno ku Blantyre. Chitsukeni ndi madzi ofunda ndi sopo wosanunkhira, ndipo mukweche ndi mswachi wofewa m'timipata momwe mkodzo umatsalira. Chachitsulo chosachita dzimbiri mungachiwiritse kwa mphindi 5 mutachotsa loko, koma chapulasitiki chimapindika m'madzi owira. Mukasamba, umitsani khungu ndi chipangizocho musanachivalenso, chifukwa chinyezi ndicho chimayambitsa zidzolo. Mukaona kutupa, dzanzi kapena chilonda, chivuleni nthawi yomweyo, ndipo chikakana kuvuka thamangirani kuchipatala cha Queen Elizabeth. Kiyi wapadera azikhala pafupi nthawi zonse.