Mafonti atasowa mu InDesign

Nditatsegula fayilo ya kabuku ka ndondomeko ya ukwati mu InDesign, pulogalamu ya pa kompyuta yokonzera mabuku ndi magazini, mawu ambiri anali atapakidwa pinki. Pinkiyo amatanthauza kuti fonti (kalembedwe ka zilembo) yomwe inagwiritsidwa ntchito mulibe mu kompyuta yanu, ndiye pulogalamuyo yangoikapo ina yogwirizira. Mizere inali itasuntha, maina a aperekezi atagwera patsamba lina.

Ndinapita pa menyu ya Type, kenako Find/Replace Font, n'kupeza mafonti awiri okhala ndi chizindikiro chochenjeza. Yoyamba sinavute. Mnzanga amene anakonza fayiloyo anaitumizanso kudzera pa File, Package, njira imene imasonkhanitsa fayilo ndi mafonti ake, ndipo foda ya Document fonts itangokhala pambali pa fayilo, InDesign inaiwerenga yokha.

Yachiwiriyo ndiyo inanditulutsa thukuta. Ndinaiika mu kompyuta, koma osaoneka. Inali ya mtundu wakale wa Type 1, umene Adobe, kampani yopanga InDesign, inasiya kuulandira mu Januwale 2023. Ndinaisinthitsa ndi ya mtundu watsopano wa OpenType, koma ndinayamba ndayesa ngati ili ndi chilembo cha ŵ. Mafonti ambiri okongoletsa alibe, ndipo dzina la mkwatibwi likanatuluka ndi kabokosi pakati. Kosindikiza ndinatumiza PDF, kuti mafonti apite ali momwemo.